Kafukufuku wa pa Kompyuta Azisiya Mapazi Oti Wina Alondole

Mu 1871 David Livingstone anali ku Nyangwe, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Lualaba, m'dziko limene lero ndi Democratic Republic of Congo. Mapepala anali atamuthera, inki nayonso inali itatha. Anatenga nyuzipepala yakale ya ku London yotchedwa The Standard, naidula kukhala masamba, n'kufinya njere za chomera china cha kumeneko kuti apeze madzi olembera. Ankalemba mopingasa pamwamba pa zilembo zosindikizidwa. Pa 15 Julayi chaka chomwecho anaona ndi maso ake amalonda a akapolo ndi anthu awo akuwombera khamu pamsika wa Nyangwe. Anthu mazana, ambiri mwa iwo amayi, anafa, ena ndi zipolopolo, ena pomira mumtsinje pothawa. Zimene anaonazo anazilemba pa nyuzipepala ija. M'kupita kwa zaka inki ya njere ija inafwifwa mpaka kutsala pang'ono kuzimiririka, pamene zilembo zakuda za nyuzipepala zinakhalabe momwemo. Masambawa anadzasungidwa ku Scotland, ambiri mwa iwo ku Blantyre wa kumeneko, kwawo kwa Livingstone, koma kwa zaka pafupifupi 140 panalibe amene ankatha kuwawerenga bwinobwino.

Mu 2010 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Adrian Wisnicki, amene maphunziro ake ndi a zolembalemba, linapita ndi makamera apadera ku laibulale yaikulu ya dziko la Scotland mumzinda wa Edinburgh. Ena m'gululo anali asayansi ojambula amene kale anathandiza kuwerenga zolemba za Archimedes, zimene mlembi wina wa tchalitchi anazifufuta kalekale kuti alembepo mapemphero. Tsamba lililonse analijambula kambirimbiri, ulendo uliwonse pansi pa kuwala kwa mtundu wina, kuyambira ultraviolet kukafika ku infrared, kuwala kumene diso la munthu silitha kukuona. Anapeza kuti pansi pa infrared inki ya njere ija imasoweratu, n'kutsala zosindikizidwa zokha. Apa ndiye panagona nzeru: kompyuta ikatenga chithunzi chimene chili ndi zolemba zonse ziwiri n'kuchotsamo chija cha nyuzipepala yokha, chotsala ndi dzanja la Livingstone. Mu 2011 zolembazo zinaikidwa pa intaneti, ndipo zinasiyana ndi zimene dziko linazolowera. Nkhani ya Nyangwe imene anthu ankaidziwa inachokera m'makalata ake ndi m'buku limene iye analembanso pambuyo pake, lomwe Horace Waller analikonza n'kulisindikiza mu 1874 mwini wake atamwalira. Waller yemweyu anali m'gulu la amishoni a UMCA amene anafika ku Magomero mu 1861. M'zolemba zoyambirira zija mukuoneka munthu wosweka mtima, wokayikira ngati antchito ake omwe, amene anamutumizira kuchokera ku Zanzibar, sanatengeko mbali pa kupha kuja. Chikayiko chimenechi sichioneka motero m'buku losindikizidwa. Popeza nkhani ya Nyangwe ndi imodzi mwa zimene zinakankha boma la Britain kuumiriza Sultan wa Zanzibar kutseka msika wa akapolo mu 1873, kusiyanaku n'kwakukulu kwa aliyense wophunzira mbiri ya chigawo chathu chino.

N'zosavuta kusimba nkhaniyi ngati chipambano cha makina, ndipo ambiri amaisimba choncho. Koma taganizirani bwino chimene chinachitika. Chithunzi chimene wowerenga amaona, cha dzanja la Livingstone litaoneka mwee, kamera sinachijambule chili chomwecho. Chinachita kupangidwa ndi anthu amene anasankha kuwala koti agwiritse ntchito, choti achotse ndi choti asiye. Akanasankha mwina, liwu lina likanatha kuoneka ngati lina. Nanga tingakhulupirire bwanji kuti pa mawu ovuta aja akuwerenga zimene Livingstone analembadi osati zimene iwo ankafuna kuona? Tingawakhulupirire chifukwa gululo silinangotulutsa zomaliza. Linaika poyera zithunzi zosakonza monga zinachokera m'kamera, zithunzi zokonzedwa, mawu monga anawawerengera, ndi kufotokoza njira imene anatsata, kotero kuti wophunzira wa ku Zomba kapena ku Lusaka amene ali ndi intaneti angathe kuzitenga n'kutsutsa ngati aona chifukwa. Mfundo yanga yagona pamenepa. Phindu lalikulu la zipangizo za kompyuta pa kafukufuku, kaya wa mbiri, wa chuma, wa zaumoyo kapena wa ulimi, n'lakuti zimatha kusunga mapazi onse a wofufuza kuti wina awalondole kuchokera pa funso kukafika pa yankho. Liwiro limabwera pambuyo. Chipangizo chimene chimasiya mapazi otere chimakweza kafukufuku, ndipo chimene chimapereka yankho n'kufufuta mapazi chimamubweza m'mbuyo, ngakhale chikhale chodula kapena chothamanga chotani.

Umboni wamphamvu wa zimenezi unachokera ku maphunziro a zachuma. Mu 2010 akatswiri awiri otchuka a ku America, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff, anatulutsa pepala lonena kuti ngongole ya boma ikapitirira 90 peresenti ya chuma chonse chimene dziko limapanga pa chaka, kukula kwa chuma kumagwa kwambiri, moti mayiko olemera amene anafika pamenepo, kuwaika pamodzi, chuma chawo chinkabwerera m'mbuyo ndi 0.1 peresenti. Inali nthawi imene mayiko a ku Ulaya ankavutika ndi ngongole, ndipo andale ofuna kuti maboma amange lamba analandira pepalalo ndi manja awiri. Patapita zaka pafupifupi zitatu, Thomas Herndon, wophunzira wa pa yunivesite ya Massachusetts Amherst, anali ndi ntchito ya m'kalasi yoti asankhe pepala lodziwika n'kubwereza masamu ake. Anayesa mobwerezabwereza, ziwerengero zake osafanana ndi za akuluakulu aja. Potsiriza anawapempha fayilo yawo ya Excel, iwo n'kumutumizira. Ataitsegula anapeza kuti powerengera, mizere isanu inasiyidwa kunja: Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark. Pamodzi ndi aphunzitsi ake, Michael Ash ndi Robert Pollin, anapezanso zaka zina zimene sizinalowe m'masamu, ndi kawerengedwe kopatsa chaka chimodzi cha dziko lina mphamvu yofanana ndi zaka zambiri za dziko linzake. Atakonza zonsezi mu 2013, kubwerera m'mbuyo kwa 0.1 kuja kunasanduka kukula kwa 2.2 peresenti. Eni pepala anavomera cholakwa cha mizere ija, ngakhale anaumirirabe kuti ngongole yambiri imayendera limodzi ndi chuma chokula pang'onopang'ono, ndipo azachuma akutsutsanabe pa zimenezo. Chimene palibe angakane n'chakuti cholakwacho chinakhala zaka zitatu osadziwika fayiloyo ili m'manja mwa eni ake okha. Itangofika kwa munthu wina, wophunzira mmodzi anachipeza.

Wina anganene kuti kulakwitsa masamu sikunayambe ndi kompyuta, ndipo n'zoona. Chimene chasintha ndi mmene cholakwa chimafalira mwakachetechete. Asayansi a zamoyo amatchula majini (genes) ndi mayina afupiafupi, ndipo ena mwa mayinawo anali SEPT2 ndi MARCH1. Ukalemba zotere mu Excel osasamala, pulogalamuyo imaganiza kuti ukutanthauza tsiku la mwezi, n'kusintha yokha dzina la jini kukhala 2 Sepitembala kapena 1 Malichi, osakufunsa. Mu 2016 ofufuza a ku Australia anasanthula mapepala masauzande a m'magazini akuluakulu a sayansi amene anali ndi mindandanda ya majini ya mu Excel, napeza kuti pafupifupi limodzi mwa asanu alionse linali ndi vutoli. Zinafika poti mu 2020 komiti yotchula majini a munthu inasintha mayina angapo, MARCH1 kukhala MARCHF1, ndi ena a SEPT kukhala SEPTIN. Chaka chomwecho ku England anthu pafupifupi 16,000 amene anapezeka ndi COVID-19 anasowa m'kaundula kwa masiku angapo chifukwa fayilo ya mtundu wakale inadzaza mizere yake n'kuyamba kusiya otsalawo. Tsono onani kuti kukula kwa vuto la majini kunadziwika chifukwa olemba anali ataika mindandanda yawo poyera pamodzi ndi mapepala awo. Mapepala amene sanaike kanthu sitingawawerengere zolakwa, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti alibe.

Kwathu kuno chipangizo chimene chasintha kwambiri kafukufuku ndi tabuleti ya wofunsa mafunso. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018, amene anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi, anachitika ndi matabuleti, ndipo lero akafukufuku ambiri a zaumoyo, a ulimi ndi a maphunziro amayenda ndi mapulogalamu monga ODK ndi KoboToolbox. Tayang'anani mmene zimakhalira pakhonde. Wofunsa wakhala pamphasa, mayi wa pakhomopo akuyankha uku akutong'ola chimanga. Wofunsayo akalakwitsa n'kulemba kuti mwana wa zaka zitatu ali ndi ana awiri, tabuleti imakana kupitirira. Mayi akanena kuti sanalime fodya, mafunso onse a fodya amadumphidwa okha. Pamapeto chipangizocho chimasunga malo enieni amene anakhala, nthawi imene anayamba ndi imene anamaliza. Woyang'anira ali ku ofesi akaona kuti mafomu khumi a midzi yosiyana adzazidwa pamalo amodzi, lililonse m'mphindi zisanu, amadziwa kuti wina anakhala pansi pa mtengo n'kumadziyankha yekha, chinyengo chimene pa mapepala chinali chovuta kuchigwira. Koma tabuleti yomweyo imavomera chilichonse chimene chakwana m'bokosi lake. Funso likamasuliridwa molakwika kuchoka m'Chingerezi, kapena likafunsa maekala kwa munthu amene munda wake amaudziwa ndi mizere kapena ndi matumba amene amakolola, yankho lolakwika limalowa bwinobwino n'kutuluka ngati chiwerengero chodalirika.

Nkhani ya minda yomweyi ikuonetsa chifukwa chosungira zonse. M'kafukufuku wa mabanja amene National Statistical Office imachita mothandizana ndi World Bank, kuyambira cha mu 2010 ofunsa amafunsa mlimi kukula kwa munda wake, kenako amauzungulira wapansi atanyamula GPS. Ofufuza atafananitsa ziwirizi, kuno ndi m'mayiko ena a mu Africa, anapeza kuti alimi a minda yaing'ono amakonda kuikuza, pamene a minda yaikulu amaichepetsa. Si kuti amanama. Munthu amene ali ndi kachigawo ka ekala amangoti ndi theka la ekala chifukwa ndiwo muyeso umene akuudziwa. Koma zokolola za pa ekala zimapezeka pogawa matumba ndi kukula kwa munda, choncho kulakwitsa kumeneku kumasintha chithunzi chonse cha ulimi wa alimi ang'onoang'ono, chimene boma ndi mabungwe othandiza amadalira pokonza mapulogalamu a feteleza ndi mbewu. Akanataya yankho la mlimi n'kusunga la GPS lokha, kapena kusunga la mlimi lokha monga kale, palibe akanadziwa kuti pali kusiyana, ndipo pakanasowa poyambira pounikanso ziwerengero za zaka za m'mbuyo.

Alipo amene angati ndikupeputsa liwiro, ndipo kutsutsa kwawo ndimakulemekeza. Pali ntchito zimene munthu sakanazitha m'moyo wake wonse. Kupeza kapangidwe ka puloteni imodzi kunkatha kudya miyezi kapena zaka za ntchito ya m'labotale, koma AlphaFold, pulogalamu ya kampani ya DeepMind imene inadabwitsa asayansi mu 2020, inali italosera kapangidwe ka mapuloteni oposa 200 miliyoni pofika mu 2022, ndipo Demis Hassabis ndi John Jumper a kampaniyi analandira nawo mphoto ya Nobel ya chemistry mu 2024. Kodi pamenepa si liwiro limene lapambana? Liwirolo lilipo ndithu, koma funsani kumene linachokera. AlphaFold inaphunzira pa Protein Data Bank, nkhokwe imene inayamba mu 1971 ndi mapuloteni owerengeka chabe, mmene asayansi a mayiko ambiri akhala akuikamo poyera zimene apeza m'malabotale awo kwa zaka zoposa 50. Ndipo dziko linaikhulupirira chifukwa inayesedwa pa mpikisano wa CASP, pamene olosera amapatsidwa mapuloteni amene kapangidwe kake kapezeka m'labotale koma sikanaululidwe, kenako mayankho awo n'kufananitsidwa ndi zenizenizo. Pulogalamuyo imasonyezanso pa gawo lililonse la puloteni mmene ikudzidalira, kuti wofufuza adziwe poyenera kukayikira. Chitsanzo chachikulu cha liwirochi chinabadwa m'zosungidwa poyera, ndipo chinavomerezeka chifukwa chinalola kuyesedwa.

Muyeso womwewu ndi umene tiyenera kuyezera mapulogalamu a AI olemba mawu monga ChatGPT, amene kuchokera kumapeto kwa 2022 alowa m'manja mwa ophunzira ndi aphunzitsi awo omwe. Sindigwirizana ndi amene akufuna kuwaletseratu. Kukonza galamala ya Chingerezi kwa munthu amene chinenerocho si chake, kupeza pamene malangizo a kompyuta alakwika, kapena kulongosola njira ya masamu imene buku laifotokoza movuta, ndi ntchito zimene zotsatira zake munthu angaziyese yekha. Vuto limabwera akafunsidwa umboni. Mapulogalamuwa anapangidwa kuti azilumikiza mawu ooneka oyenerana, choncho amatha kupereka dzina la wolemba weniweni, magazini yeniyeni ndi chaka, za pepala limene silinalembedwepo. Mu 2023 maloya a ku New York analipitsidwa chindapusa ndi khoti atapereka milandu yakale yopeka imene anaitenga ku ChatGPT osaifufuza. Wophunzira akaika zotere m'kafukufuku wake, woyesa amalondola n'kufika pamene palibe kanthu. N'chimodzimodzi ndi kumasulira. Wofufuza za chikhalidwe amene wajambula mawu a agogo akufotokoza za chinamwali kapena za malire a munda angathe kugwiritsa ntchito makina kuti amuthandize kulemba ndi kumasulira, koma pa Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chilomwe makinawa akadali ofooka poyerekeza ndi pa Chingerezi, makamaka akakumana ndi miyambi ndi mawu okuluwika. Mawu ojambulidwawo ndiwo umboni, ndipo ayenera kusungidwa pamodzi ndi kumasulira kwake. Lero tikutha kumva nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 chifukwa zinasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa n'kudzaikidwa pa kompyuta. Zimene iye analemba za nyimbozo tingazitsutse, popeza mawu a oimba eni ake alipo.

Kudandaula kolemera kuposa konse kumachokera kwa ofufuza a mu Africa amene aona zinthu. Iwo amati kuika poyera deta, ndiko kuti zonse zimene ofufuza atolera, kumakomera amene ali ndi makompyuta amphamvu, ndalama ndi nthawi. Namwino ndi wofunsa mafunso amatolera magazi ndi mayankho kumidzi dzuwa likuswa mtengo, fayilo n'kukwera pa intaneti, ndipo posakhalitsa pepala latuluka kutsidya kwa nyanja, dzina la mwana wa kuno litabisika pakati pa mndandanda kapena kulibiretu. Amakumbutsanso za Novembala 2021. Asayansi a ku Botswana ndi South Africa, pakati pawo Sikhulile Moyo ndi Tulio de Oliveira, atazindikira mtundu watsopano wa kachilombo ka corona umene unadzatchedwa Omicron, anaulula mwamsanga n'kuika majini ake pa nkhokwe ya GISAID kuti dziko lonse lione. Patangopita masiku ochepa Britain, America ndi mayiko ena anatsekera apaulendo ochokera kummwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi ndi Mozambique, ngakhale zinadzadziwika kuti kachilomboko kanali kale ku Ulaya. Amene anachita zabwino analangidwa anthu onse akuona. Kudandaula kumeneku n'koona, ndipo aliyense wolimbikitsa kugawana deta popanda kukuyankha sakunena zonse. Komabe mankhwala ake sangakhale kubisa. Omicron akanafalabe, ndipo zipatala za kuno zikanamulandira zisanachenjezedwe. Chimene chiyenera kusintha ndi mapangano. Kulola wina kuyesa ntchito yako n'kosiyana ndi kumupatsa ufulu woitenga ngati yake. Pangano la kafukufuku lingathe kunena kuti otolera akhale ndi nthawi yoyamba kulemba asanatsegulire ena. Kuti wogwiritsa ntchito deta atchule amene anaitolera ndi kuyesetsa kugwira nawo ntchito, monga malamulo a GISAID yomwe amafunira. Kuti ndalama zophunzitsira achinyamata a kuno kusanthula zilowe m'bajeti kuyambira pachiyambi. Ndiponso kuti kope lathunthu likhale m'dziko muno. Kufunika kwa mfundo yomalizayi kunaoneka mu 2025, pamene boma la America linaimitsa ntchito zambiri za USAID ndipo pulogalamu ya DHS, imene yakhala ikusunga zotsatira za akafukufuku a zaumoyo a Malawi kuyambira 1992, inagwedezeka nayo. Zimene zatoleredwa m'midzi yathu siziyenera kudalira chisankho cha boma la dziko lina.

Palinso chinsinsi cha woyankha. Mayi amene wauza wofunsa kuti ali ndi kachilombo ka HIV, kapena kuti amamenyedwa pakhomo, sanavomere kuti mudzi wonse udziwe, ndipo tabuleti imene imasunga malo a nyumba yake ingamuike pambalambanda ngakhale dzina litafufutidwa. Apa njira zilipo kale ndipo zayesedwa. A DHS asanatulutse malo a midzi amawasuntha dala, mpaka makilomita awiri m'tauni ndipo kawirikawiri mpaka asanu kumudzi, kuti wosanthula aone dera koma asapeze khomo. Zinthu zina siziikidwa pa intaneti n'komwe. Wofuna kuziona amapempha, kufotokoza cholinga chake ndi kusaina. Makomiti oteteza anthu ochitidwa kafukufuku, monga National Health Sciences Research Committee ndi COMREC, pamodzi ndi lamulo loteteza deta ya anthu limene Malawi anakhazikitsa mu 2024, ndiwo ayenera kuika malire amenewa. Chofunika n'chakuti munthu woyenera, potsata njira yoyenera, athe kuona ngati zimene zalembedwa n'zimene zinapezekadi.

Ena amati zonsezi ndi nkhani za mayunivesite olemera, ife kuno magetsi amazimazima ndipo bandulo ya intaneti imadya ndalama ya ndiwo. Mavutowa ndi enieni, koma zambiri mwa zimene ndikunenazi sizifuna kugula kanthu. R yosanthulira ziwerengero, QGIS yojambulira mapu ndi Zotero yosungira mndandanda wa mabuku ndi zaulere. Zithunzi za setilaiti za Landsat, zimene zakhala zikujambulidwa kuyambira 1972, boma la America linazitsegula kwaulere mu 2008, kotero kuti wophunzira wa ku Bunda angathe kudzionera yekha mmene nkhalango ya Dzalanyama yachepera, kapena mmene nyanja ya Chilwa imaphwera ndi kubwereranso. Ndipo pulogalamu monga R ili ndi ubwino umene kudina mabokosi mu Excel kulibe: chilichonse chimene wachita, kuchotsa mzere, kusintha dzina, kuphatikiza magulu, chimakhala cholembedwa ngati malangizo amene wina angawawerenge n'kuwayendetsanso. Cholakwa chonga cha mizere isanu ija chimaonekera patsamba. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi chizolowezi chosunga ndi malo osungira. Wophunzira akamaliza amapereka buku lomangidwa bwino, laibulale n'kuliika pa shelefu, pamene mafunso, mayankho, mawu ojambulidwa ndi masamu zimapita naye pa laputopu kapena pa fulashi. Laputopuyo ikabedwa m'minibasi kapena ikafa, kafukufuku uja watsala mawu okhaokha opanda chowachirikiza, ndipo wobwera pambuyo amapitanso kukafunsa midzi yomweyo mafunso omwewo, anthu mpaka kutopa nawo.

Kusunga nakonso kumafuna nzeru, chifukwa palibe chosungira chimene sichiwonongeka. Moto umene unatentha laibulale ya Mzuzu University mu Disembala 2015 unapsereza mabuku masauzande ambiri, ndipo wa mu Epulo 2021 ku yunivesite ya Cape Town unawononga zambiri mwa zosungidwa za maphunziro a Africa m'laibulale ya Jagger. Koma amene akuganiza kuti kompyuta ndi chitetezo chokwanira akumbukire British Library, imene mu Okutobala 2023 inathyoledwa ndi akuba a pa intaneti, ntchito zake zambiri n'kuima kwa miyezi. Mafayilo amafuna makope angapo m'malo osiyana, amafuna kusungidwa m'mitundu yosavuta kutsegula ngakhale pulogalamu imene inawapanga itasiya kupezeka, ndipo amafuna munthu wolembedwa ntchito yowayang'anira. Njira zolumikizirana zilipo kale: MAREN imalumikiza mayunivesite a m'dziko muno, ndipo UbuntuNet Alliance, imene imalumikiza mabungwe otere kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, ili ndi ofesi yake yaikulu ku Lilongwe. Chimene akuluakulu a yunivesite iliyonse angachite osadikira wothandiza wakunja ndi kusintha lamulo lomalizira maphunziro. Wophunzira wa masters kapena PhD asalandire digiri asanapereke ku laibulale mafunso amene anagwiritsa ntchito m'zinenero zonse, deta yochotsedwa mayina, malangizo a kusanthula kwake, ndi tsamba limodzi lofotokoza pamene anagwiritsa ntchito AI ndi pa ntchito yanji. Woyesa wakunja apatsidwe zimenezi pamodzi ndi bukulo, ndipo asankhe tebulo limodzi n'kuliwerengeranso yekha. Aphunzitsi ofuna kukwezedwa pa ntchito afunsidwe zomwezo pa mapepala awo, ndipo ndalama ya seva ndi ya woiyang'anira ilowe m'bajeti ya laibulale ya chaka ndi chaka.